Bokosi Lokana Kuziziritsidwa

Lolemba, 13 Okutobala

Msonkhano ku depoti m'mawa. Bwana anatiitana tonse: a majenereta, okwera nsanja za netiweki, ndi ife okonza maeyakoni. Pambali pawo panaima kamtsikana kaja kanabwera mwezi watha, kainjiniya koyenda ndi laputopu ngakhale popita kukasamba m'manja. Anzanga amati a Digiri. Nanenso ndizitero, ngakhale mwana wanga woyamba angakhale mkulu wake.

Nkhani yake ndi ampulifaya yatsopano. Anayamba kutifotokozera ngati ana a mkaka kuti ampulifaya ndi chija chimapatsa mphamvu mawu a foni asanatuluke pa mlongoti. Ife amene tamerera imvi m'tizipinda ta pansi pa nsanja, tikuuzidwa lero. Akuti zakalezi ndi za silikoni, magetsi ambiri zimangowasandutsa kutentha, n'chifukwa chake zimafuna chipinda ndi eyakoni usana ndi usiku. Yatsopanoyi akuti ndi ya galiyamu naitiraidi. Dzinalo analitchula mokoma ngati la chibwenzi. Imadya magetsi ochepa, imapirira kutentha, imapachikidwa panja pa mlongoti penipeni. Siifuna chipinda. Siifuna eyakoni.

Pamenepo onse anatembenukira kwa ine ngati ndine mwini maliro.

Ndinafunsa kuti, "Nanga dzuwa la mwezi uno laiwerenga digiri yanuyo?" Anthu anaseka. Iye sanaseke. Anati, "Funso labwino, bambo. N'chifukwa chake tiyesa kaye." Ndimadana naye munthu woti ukamunyoza akuyamikira.

Bwana anamanga nkhani motere: ayesa bokosi limodzi padenga la nyumba yosanja ija ili pafupi ndi msika, pamalo panga penipeni, kwa masabata awiri a kutenthawa. Likapirira, maeyakoni achotsedwa pa nsanja zonse. Za ife okonza maeyakoniwo sananene. Anangokonza tayi.

Ntchito ina sindiidziwa. Ndinangotuluka ku sekondale n'kulowa m'zoziziritsa, basi. Ambuye ndikhululukireni, mwanayo ndinamuyang'ana ndi diso loipa. Mawu amenewa ndiziwalemba A.N., chifukwa ndikuona kuti ndiwalemba kawirikawiri.

Lachiwiri, 14 Okutobala

Wolisenza ndine. Chikepe cha m'nyumba ija chinafa kalekale, ndiye masitepe onse aja bokosi lili pamsana panga, a Digiri ali pambuyo ndi kachikwama, "Pepani bambo, tipumeko?" Ndinati sindipuma. Bondo likundiimbira mpaka pano.

Chinthu chake n'chonyozeka. Bokosi lotuwa, kukula ngati sutikesi ya mwana wa sukulu yogonera komweko, kumsana konse nthiti zachitsulo ngati galu wosowa mwini. Fani palibe. Sefa palibe. Poti munthu n'kupisa dzanja palibe. Okwera analimangirira m'munsi mwa mlongoti, poti ine ndimafikira nditaima.

Kenako a Digiri anati ndizimitse anzanga. Maeyakoni awiri a m'kachipinda ka padengapo, Nkhalamba ndi Mphwake. Nkhalamba ndinamupeza ali wachikulire kale. Ndamusinthapo kompuresa, ndamuwotcherera mapayipi, kutsokomola kwake ndimakuzindikira ndili pa masitepe. Ndinadina swichi. Anausa moyo kamodzi, n'kukhala chete. Padenga panangoti zii, mpaka ndinamva ogulitsa akuitanira malonda pansi paja. Sindinawamvepo ndili pamenepo, ndipo sindinawakonde.

Ntchito yanga tsopano ndi iyi: kukwera tsiku lililonse, kupukuta fumbi pa nthiti zija, kuona ngati kanyale ka pa bokosi kakuyaka kobiriwira. Anandipatsa burashi. "Chonde musalitsegule, bambo. Ndi lomata. Likavuta limabwerera kwa olipanga."

Munthu wa masipanala kumupatsa burashi. Mayi a kunyumba sindinawauze.

Lachitatu, 15 Okutobala

Kobiriwira. Dzuwa lonse lija.

Lachinayi, 16 Okutobala

Kunabwera mlamu, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, wa majenereta ku depoti komweko. Nayenso zamugwira pakhosi: bokosi likamadya pang'ono, mabatire ndi sola zikwana, jenereta izingogona. Anafikira pa mpando wanga osafunsa, nsapato zonunkha dizilo atazitambasula pakati pa nyumba.

"Alamu, ndamva mwakwezedwa pantchito. Akuti ndinu wosesa wamkulu."

Mayi anandiyang'ana. Basi, za burashi zaululika.

"Kiyi wa padenga ali ndi ndani?" anatero mlamu. "Si inu? Thumba la pulasitiki limodzi. Kuliveka m'mawa, kulivula madzulo. Lidziphika lokha. Adziwe ndani?"

Ndinati Mulungu adziwa.

"Mulungu sagwira ku depoti."

Mayi, mlongo wakeyo, anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Ndinamuuza kuti ine ndine mkulu wa mpingo, chinthu cha eni sindipha. Anati, "Chabwino abusa. Ana adzatafuna burashi."

Munthu ameneyu ndinayamba kumunyoza tsiku lomwe ndinamuona. Sanakonzepo jenereta osatsala ndi bawuti m'manja, ndipo amati yotsalayo ndi ya bonasi. Koma pa pemphero la madzulo, ana atagwada, pakamwa ndikutchula odwala ndi a paulendo, mumtima ndinkapempha chinthu chimodzi chokha: Ambuye, dzuwa ndi lanu, inu simusowa thumba la pulasitiki.

A.N. Kodi kumeneku si kutuma Mulungu ntchito ya mlamu?

Lachisanu, 17 Okutobala

Kutentha koti phula la padenga linkamata nsapato. Ndinakhudza nthiti zija ndi kuseri kwa dzanja. Moto. Chinthu changa chikanatentha choncho ndikanathamangira geji yoyezera gasi. Koma kanyale kali phee, kobiriwira, ngati mwana wamwano woti ukumukalipira iye akungokuyang'ana.

A Digiri anafika masana, thukuta kamukamu, nsapato zoyera zitadetsedwa ndi phula. Ndinakondwa nazo nsapatozo. A.N.

Anandionetsa mizere pa laputopu. "Taonani bambo, wam'mwambawu ndi magetsi a sabata yatha, wam'munsiwu ndi a sabata ino." Ndinati ine mizere ndimaiona pa malaya.

Anakakhala pamthunzi wa kachipinda kanga, kamene iye yemwe anakasandutsa manda, akumwa madzi a m'botolo. Mosafunsidwa anayamba: "Mukudziwa kuti nanenso ndili pa mayeso? Sanandilembe ntchito yokhazikika. Ndine ndinawaumiriza Bwana kuti tiyese. Ili likafa, ndanyamula chikwama."

Ndinati pepani. Mumtima ndinati chikwama chakecho n'chopepuka, mulibe mwana, mulibe mkazi, mulibe mlamu. Ana a masiku ano amakuuza mavuto awo ngati akukupatsa mphatso.

Akuti sabata yamawa aitanidwa ku likulu, aziliona pa laputopu ali komweko. Potsika anati, "Ndikusiyirani mwana wanga, bambo."

Mwana. Chitsulo chopanda ndi fani yomwe.

Lamulungu, 19 Okutobala

Abusa athu si olalikira kwenikweni. Amakuwa pamene mfundo yawathera, ndipo lero anavala nsapato zatsopano zolira, ndiye ankayendayenda dala. Ndinakhala pansi ndikuyembekezera kunyoza. Koma mpeni wobuntha nawonso umacheka ukapeza pofewa.

Anati pali munthu amene sagwira machesi, koma amakhala pakhonde manja atapinda, kudikira kuti nyumba ya mnzake ipse. Ameneyo, anatero, utsi umamumveka m'malaya nyumbayo isanapse.

Ndinanunkhiza jekete langa. Zoona, ndinatero.

Unali mgonero, ndipo wonyamula mbale ndinali ine. Ndinayenda mzere ndi mzere kupatsa anthu, ena oti ndimawadziwa bwino zimene amachita Loweruka. Itafika nthawi yanga ndinabweza mbale patebulo osatenga. Mayi anaona. Panjira anafunsa kuti, "Mwachita chiyani, abambo?" Ndinati sindinachite kanthu, ndipo vuto lake ndi lomwelo.

Ndalonjeza pamaso pa Ambuye. Bokosi lija sindilikonda ndipo sindidzalikonda, koma ndilisamala ngati langa. Likafa lidzafe lokha, ine manja ali oyera.

Lolemba, 20 Okutobala

Kunawaza kamvula m'bandakucha. Nditakwera ndinapeza bokosi lonse lili thukuta, timadontho tikutsetsereka m'nthiti. Ndinaima n'kuganiza. Ngati kunja kuli chonchi, m'kati muli bwanji? Chitsulo chotentha masana n'kuzizira usiku chimatulutsa madzi, zimenezo ngakhale wophunzira ntchito wa mwezi umodzi amazidziwa. Ndipo madzi amafuna potulukira. Ndi lamulo loyamba la ntchito yathu: usanamange china chilichonse, konza njira ya madzi.

Ndinagwada n'kusuzumira kunsi. Ndinapeza kachitsekerero kakuda kapulasitiki, ka mazinga, atakamanga gwa. Ndinaseka ndekha. Anthu ophunzira, a galiyamu naitiraidi, anaboola bwinobwino potulukira madzi, kenako n'kutsekapo. Ndipo a Digiri ndi mizere yawo yonse sanagwadepo n'kamodzi komwe kuti aone kunsi kwa mwana wawo.

Kulitsegula sindinalitsegule, mawu ake ndasunga. Ndinangomasula kachitsekereroko. Madzi sanatuluke, koma ndi bwino njira ikhalepo asanabwere. Ndinadula kapayipi koyera ka Mphwake, poti iye sakukagwiritsanso ntchito, n'kukalowetsa pabowopo. Ndinakatsitsa ndi mlongoti, kupendekeka kwake koyenera, timagwiriro tili m'mizere, mpaka mu ngalande ya padenga. Ntchito yoti munthu n'kuijambula.

Sindimuimbira. Adzaone yekha akabwera, adzadziwe kuti pali zina zosalembedwa m'mabuku. Uku mwina ndi kunyada, A.N., koma pang'ono.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Kobiriwira. Ndinapukuta nthiti imodziimodzi ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Mtima uli m'malo. Ndadya bwino.

Lachinayi, 23 Okutobala

Lafa.

Foni ya Bwana inandipeza pa masitepe. "Muli kuti? Dera lonse la kumsika kulibe netiweki. Yatsani zakale, msanga." Ndinathamanga, bondo kuliiwala. Kanyale kofiira. Ndinalowa m'kachipinda, kuyatsa makabati a ampulifaya zakale, kudina swichi. Nkhalamba anatsokomola kawiri n'kuyamba kubangula. Mphepo yozizira kumaso kwanga. Ndisaname, ndinamusisita.

Ndinatuluka kukaliyang'ana lija. Ndinalilankhula. Ndinati, "Nanga bwanji, a galiyamu? Dzuwa lathu mwalimva?" Ndinati Ambuye mwaona nokha, ine ndinalisamala, ndinalikonzera ndi njira ya madzi yomwe.

Ndi pamene ndinayang'ana kapayipi kanga.

Nyerere. Mzere wakuda kuchokera mu ngalande, kulowa kukamwa kwa kapayipi, kukwera m'kati mwake ngati anthu opita ku msonkhano. Zina zitanyamula mazira. Ndinagogoda bokosi, zinatuluka zambiri, zina zopserera. Malo ofunda, ouma, amdima, ndipo mkulu wa mpingo wazimangira msewu wa tala mpaka pakhomo.

Ndinakhala pansi pa phula lotentha lija, sindinalimve.

Sabata yonse ndinalifunira imfa, silinafe. Tsiku limodzi ndalifunira moyo.

Chakudya chandikanika. Mayi akuti mwina ndi malungo.

Lachisanu, 24 Okutobala

Jenereta ili kuseri kwa nyumba, koma swichi yake ili m'kachipinda kanga, ndiye mlamu anakwera. Anandipeza ndaima pa bokosi. Anayang'ana kapayipi, anayang'ana nyerere, anayang'ana ine. Kenako anavula chipewa.

"Alamu, ndakulakwirani. Ine ndimati thumba la pulasitiki. Inu mwalemba ganyu nyerere."

Ndinati sizinali choncho, ndinkafuna kulithandiza.

"Eya, eya. Mukatero kumene. Nkhope imeneyo musaisinthe." Anaseka mpaka kutsamira mlongoti. "Anthu opemphera ndinu oopsa."

Kuyamikiridwa ndi munthu ameneyu kuli ngati kunyambitidwa ndi galu amene wangochoka kudzala.

Anandiuza za ku depoti. Bwana akuti Lolemba kuli msonkhano. Ngati lapsa ndi dzuwa, nkhani ya mabokosi yatha, maeyakoni akhala, a Digiri azipita. Olipanga akhoza kuliunika, koma yankho lawo limatenga miyezi, ndipo Bwana sadikira. A Digiri afika mawa kudzalitsitsa.

"Ndiye chotsani chingwe chanucho. Kachitsekerero kali kuti?"

Kanali m'thumba la ovolosi.

"Bwezeranipo. Kapena mukufuna akuchotseni ngati wowononga katundu? Pamenepo ngakhale burashi simuiona. Mlongo wanga ndidzamutenga, koma ana anu aja amadya kwambiri."

Ndinachita. Ndilembe momveka, poti pano palibe wondiona koma Mmodzi: ndinazula kapayipi, ndinasesa nyerere ndi burashi yake yomwe ija, ndinakulunga tepi yoyera pa mazinga monga ndichitira nthawi zonse kuti pasadonthe, n'kumanga kachitsekerero. Manja ankagwira okha. Mlamu ankaimba mluzu.

Lolemba lija kunali kulakwitsa. Lero ndi tchimo. A.N. sakukwanira.

Loweruka, 25 Okutobala

A Digiri anabwera ndi okwera awiri, maso otupa. Sanatsegule laputopu. Analizungulira, anagwira nthiti, anayang'ana mawaya. Kenako, kwa nthawi yoyamba, anagwada n'kusuzumira kunsi. Anakhalitsa. Anayang'ananso mlongoti kutsika nawo mpaka ku ngalande. Ine ndinali kalikiliki kupukuta sefa ya Nkhalamba imene ndinali nditaipukuta kale.

Okwera analimasula, iye anati alitengera kwawo, adzabwera nalo Lolemba.

Potsika anaima pakhomo la kachipinda. "Bambo, ndikudziwa kuti simunkalifuna. Koma nthiti zake ndazipeza zoyera. Zikomo."

Ndikanakonda akananditukwana. Ulemu wa ana ophunzirawa uli ngati madzi a mufiriji pa dzino lobooka.

Lamulungu, 26 Okutobala

Mayi pochapa anapeza chidutswa cha kapayipi m'thumba la ovolosi. Ndinawauza zonse, kuyambira pemphero lija mpaka tepi. Ndimayesa adzandidzudzula. Anapitiriza kufinya malaya.

"Ndiye mukufuna mutani?"

Ndinati mawa ndikaimirira pamsonkhano.

"Munapempha, mwapatsidwa. Tsopano mukufuna mukabweze yankho kwa Mulungu ngati nsapato yothina?"

Ndinati Mulungu satuma nyerere kukachotsa mwana wa eni ntchito.

"Mwana wa eni ali ndi digiri, mawa apeza pena. Inu muli ndi bondo." Anayanika malaya. "Vuto lanu abambo, mumakonda kuulula kuposa kudya. Mukaulula mumapepukidwa inu, katundu n'kugwera ife."

Magazi amodzi ndi mlamu, ndinatero mumtima. Koma mawu omalizawo andikhala. Kutchalitchi ndinapita, ndinakhala kumbuyo, ndinati mutu ukuwawa. Nsapato za abusa zikulirabe.

Sindikudziwa chimene ndikachite. Ndasita malaya oyera.

Lolemba, 27 Okutobala

Bokosi linali patebulo la Bwana ngati mtembo. Anzanga a maeyakoni ankandigwira chanza mwamphamvu, wina mpaka kunditsinzinira diso. Mlamu walalika depoti yonse. Anthu amene sanandipatsepo moni wabwino lero akuti "akuluakulu". Ndinawayang'ana, amuna akuluakulu osekerera imfa ya chitsulo, ndipo ndinadziona ndekha Lachinayi lija.

Bwana anayamba: "Tayesa, taona. Dzuwa lathu si la m'mabuku." Tayi ija ankaisisita. Sabata ziwiri zapitazo anali yemweyu wonena kuti dziko likupita patsogolo.

A Digiri anapempha kulankhula. Anayala pepala loyera patebulo, anapendeketsa bokosi, anamasula kachitsekerero ndi zala. Kachidutswa ka tepi yanga anakachotsa pa mazinga n'kukaika m'thumba la malaya, osandiyang'ana. Anagogoda. Nyerere zakufa zinakhuthuka mulu, zina zamoyo zinayamba ulendo wopita ku foni ya Bwana.

"Silinafe ndi dzuwa," anatero. "Kachitsekerero aka si kotsekera madzi. Kali ndi kansalu m'kati, kamalola bokosi kupuma koma sikalola madzi kapena kachilombo. Kanachoka pamalo pake masiku angapo."

Bwana anati, "Kanachoka bwanji?"

Ndinaimirira. Mawu ndinali nditawakonza kuyambira pa masitepe a kunyumba. Ndinati, "Bwana, ine..."

"Bambo, khalani pansi, sindinamalize."

Anandilamula. Pamaso pa anthu. Ndipo ndinakhala.

"Udindo unali wanga," anapitiriza. "Ndinasiya bokosi osaliyang'ana kunsi, ndipo amene ndinawasiyira sindinawauze ntchito ya kachitsekereroka. Ndikupempha bokosi lachiwiri, tiyambirenso."

Bwana sakonda nkhani zazitali, makamaka nyerere zikuyenda pa foni yake. Anamva ngati kachitsekerero kanali kosamangidwa bwino, ndipo a Digiri sanawakonze. Anamukalipira ngati mwana wa pulayimale, kuti digiri si kanthu ngati munthu satha kumanga bawuti, kuti miyezi yake ya mayeso awonjezera, kuti lachiwiri likafa asadzabwerenso ndi pepala loyera. Anthu ankaseka chamumtima. Iye anangoti, "Ndamva, Bwana."

Bodza sananene, ndasinkhasinkha mawu ake onse. Koma wandilanda. Ndinabwera ndi tchimo langa nditalisita bwinobwino, iye n'kulitenga n'kuliika m'thumba la malaya. Kukhululukidwa ndi Mulungu ndinakuzolowera. Kukhululukidwa ndi kamwana ka nsapato zoyera n'chinthu china.

Panja mlamu anati, "Mukanangokhala phee osaika tepi. Munthu wanji wosatha ngakhale kuba bwinobwino?"

Lachiwiri, 28 Okutobala

Bokosi lachiwiri ndalisenzanso ine. Pakati pa masitepe a Digiri anati tipume, ndipo ndinapuma.

Okwera atamaliza n'kutsika, tinatsala awiri. Ndinayamba: "Mayi, za kapayipi kaja..."

"Ndinaona timagwiriro tanu pa mlongoti. Munaiwala kutichotsa." Analoza timagwiriroto, tili m'mzere wake mpaka ku ngalande. "Munthu wofuna kupha sayeza kupendekeka kwa payipi. Zinazo za Lachisanu mukambirane ndi Mulungu wanu, ine sindine m'busa."

Ndinafunsa chifukwa chake sananditchule.

"Akanakuchotsani, ndipo aliyense akanati mabokosi anga amadya anthu. Komanso ndikufuna munthu wogwada n'kuyang'ana kunsi." Anatulutsa burashi ina m'chikwama. "Ndawauza Bwana kuti mabokosiwa akachuluka adzafuna woyendera nsanja zonse, kupukuta, kuona mawaya, kuona tizitsekerero. Ndatchula inu. Avomera, ngati ili lipirire."

"Likapanda kupirira?"

"Tinyamula zikwama tonse. Maeyakoni mwina adzatsala, koma nkhani ya tepi yafika kale kwa okwera, siichedwa kukwera masitepe a ofesi." Anatambasula dzanja. "Tepiyo ndikusungireni ine."

Ndinamupatsa mpukutu wonse. Ntchito ya burashi. Kupukuta fumbi pa chinthu chopanda fani, chopanda mawu, chosadziwa ndi dzina langa lomwe. Ndikulinyozabe, Ambuye mukudziwa. N'lonyansa ngati loyamba lija.

Nkhalamba ndinamuzimitsa ndekha, asanandiuze.

Madzulo mlamu anabwera. Sanakhale pa mpando wanga, anaima pakhomo. Akuti swichi ya jenereta ikuvuta, ndimubwereke kiyi wa padenga, akwera yekha m'mawa, ndisavutike ndi bondo. M'thumba la ovolosi yake munkasuzumira kansonga ka pulasitiki yakuda.

Mayi anasiya kupukuta mbale, akuyang'ana mlongo wawo, akuyang'ana ine.

Ndinati, "Tikwera limodzi, alamu."

Kiyi ndamumanga pa chingwe, ali m'khosi.